Fani Yosazungulira

Mutu 6

1. Makompyuta khumi ndi atatu

Anafika m'mawa, shopu itangotsegulidwa. Makompyuta khumi ndi atatu. Akale, otuwa, fumbi lili tho m'mphuno. Woyendetsa galimoto anawakweza pamasitepe awiriawiri, akudandaula msana, n'kuwaunjika kukhoma. Masikirini sanabwere nawo. Akuti ndi olemera, ndipo alibe mlandu.

Mwini katunduyo anali mphunzitsi wa pa sukulu ina kunja kwa tauni. Mayi wamtali. Polankhula ankayang'ana wotchi, osati munthu.

"Mawa eyiti koloko ana anga khumi ndi awiri akulemba mayeso," anatero. "Mayeso ojambula mapulani a nyumba pa kompyuta. Makinawa tinachita kupatsidwa. Akuyaka, inde. Koma zilembo zake n'zikuluzikulu ngati za mwana woyamba kumene sukulu. Mzere wowongoka ukutuluka ngati mano a sowo. Ukajambula bwalo, likubwera dzira. Mwana angaike chitseko pa nyumba yotere?"

Shopuyo inali chipinda chimodzi pamwamba pa telala. Benchi imodzi yaitali. Sikirini imodzi yoyesera. Windo limodzi loyang'ana kumsewu. Pansi makina osokera ankalira tsiku lonse, mpaka masikuluwu ankavina okha m'mbale.

Munkagwira ntchito anthu atatu. Mwini shopu, bambo wa imvi amene maso awo anali atayamba ng'ala. Mnzawo wakalekale wowotcherera, amene msewu wonse unkawatcha a Mawaya. Wachitatu anali mwana wa mlongo wawo wa mwini shopuyo, mtsikana wongomaliza kumene sekondale. Dzina lake lenileni linkamveka kunyumba kokha. Kuno anali Kamphepo. Masitepe ankakwera atatuatatu. Zala zake pa kiyibodi zinkamveka ngati matalala pa malata.

Kwa chaka chathunthu Kamphepo ndiye ankawerengera amalume ake zonse za pa sikirini. Iwo ankaganiza. Iye ankaona.

Analumikiza kompyuta imodzi. Anagogoda kiyibodi. Anawerenga.

"Amalume, kenelo sikulidziwa khadi la zithunzi."

"Ndimayembekezera zomwezo."

"Kenelo ndiye ndani?" anafunsa aphunzitsi. "Ine ndimaphunzitsa kujambula. Za m'mimba mwa makina n'zanu."

"Madamu," anatero Amalume, "kenelo ndi phata la pulogalamu yoyendetsa kompyuta. Itengeni ngati kapitawo wa pageti pa fakitale. Ali ndi kaundula. Chitsulo chilichonse cha m'bokosimu chikadzuka chimatchula nambala yake. Nambala ikapezeka m'kaundula, kapitawo amachipatsa womasulira wodziwa chilankhulo chake. Womasulirayo ife timamuti dalaivala. Khadi lanu lija lojambula zithunzi latchula nambala. Kapitawo wayang'ana. Mulibe. Ndiye akungolankhula nalo ndi manja. N'chifukwa chake bwalo likusanduka dzira."

"Zitheka?"

"Tiyesa."

"Galimoto ibwera firii koloko. Ikawapeza asanakonzeke, ndiwaolotsa msewu. Anyamata a tsidya lija akuti kwa iwo ndi ola limodzi."

A Mawaya anaseka osadzutsa mutu. "Ola limodzi lomasula, Madamu. Kenako masabata awiri ofunafuna masikuluwu pansi."

Aphunzitsi sanaseke. Anayang'ana wotchi. Anatsika.

2. Buku la pakhoma

Tsiku limenelo Amalume anali ndi ulendo. Dokotala wa maso anawaitana teni koloko. Akazi awo anali kale pansi, akudikira ndi ambulera.

Asanatsike anapapasa khoma. Anachotsa pamsomali buku lachikuto chakuda. Linali lonenepa, m'makona mutapindika.

"Khala pansi, mwanawe. Osati pamphepete ngati ukudikira basi. Khala."

Kamphepo anakhala.

"Buku ili lili ndi zaka makumi atatu. Amisiri a msewu uno amakwera masitepe athu kudzaliwerenga. Sabwerera zilembo zanga, n'zoipa. Amabwera chifukwa mulibe mzere wongoganizira. Mzere uliwonse uli ndi nambala ya khadi, kenako timipata titatu. Koyamba, Kuwala. Chithunzi chioneke bwino. Kachiwiri, Kugona. Uigoneke kompyuta, uidzutse, chithunzi chibwerere. Kachitatu, Thukuta. Ulipatse khadi ntchito yolemetsa ola lathunthu, bokosi lili chitsegulire, diso pa sikirini, khutu pa fani. Ola. Osati theka. Osati pafupifupi.

"Tiwiri toyambato n'ta kasitomala. Amationa ndi maso ake. Kachitatuko n'kako. Palibe adzakuone ukukachita. Palibenso adzakuone ukukadumpha.

"Khadi la zithunzi lili ndi milomo iwiri. Wina umanena za chithunzi. Wina umanena za kutentha. Dalaivala akhoza kumva mlomo woyamba, wachiwiri osaumva. Chithunzi chimakhala mbee, iwe n'kumavina, m'katimo khadi likupsa mwakachetechete. Makhadi a masiku ano akatentha amadzizimitsa okha. Akalewa ndi ouma mutu. Amagwira ntchito mpaka kufa. Ndipo pofa safa okha. Gwira apa."

Anatambasula chala chachikulu cha kumanja. Kamphepo anachikhudza. Khungu lake linali losalala, lonyezimira, lopanda mizere.

"Ndinali mnyamata, wothamanga magazi ngati iwe. Kunabwera bambo wolemba zikwangwani. Kompyuta yake inali ndi ntchito ya zaka zisanu ndi chimodzi. Ndinaika khadi. Chithunzi chinawala. Tsiku limenelo kunali mpira, anzanga akundikuwa pawindo. Ndinati ola n'chiyani, mphindi khumi zakwana. Ndinatseka bokosi. M'mawa mwake anandiitanitsa. Ndinapeza chipinda chikununkha. Ndinayamba kulimbalimba, ndikuti si ine, ndi magetsi anu. Ndinapisa dzanja m'bokosi kuti ndimutsutse. Chitsulo chinanditsutsa ine.

"Bambo uja sanakalipe. Bola akanakalipa. Anangokhala pansi n'kufunsa kuti, 'Ndiye ndiyambire pati?' Mpaka lero funso limenelo limandipeza. Madzulo a tsiku lomwelo ndinagula bukuli. M'mphechepeche mwa njovu sapitamo kawiri."

"Nkhani ya chala yafikanso," anatero a Mawaya. "Chala chimenecho chalalikira kuposa abusa."

"Chikanakhala chako chikanalalikira bwanji? Iwe zala zonse khumi n'zopsa, koma sunaphunzirepo kanthu."

Kenako Amalume anasolola cholembera m'thumba la malaya. Anachiika m'dzanja la Kamphepo n'kupinda zala zake.

"M'bukumu mulibe dzina lina koma langa. Lero ukalemba mzere, usaine wekha. Koma ukaona chachilendo, usachonge. Mpata wopanda kanthu si manyazi. Kuona maso a nkhono n'kudekha."

Anaimirira. Kamphepo anatsogola, monga mwa masiku onse. Dzanja la Amalume linali paphewa pake, sitepe ndi sitepe, mpaka pansi.

3. Ana a mimba imodzi

M'mawa wonse unapita m'madzi. Kamphepo anayesa dalaivala uyu, anayesa uyo. Sikirini inakana. Kawiri inangoti bii. A Mawaya anali pakona, akulimbana ndi kompyuta ya nambala 13, imene batani lake loyatsira linali lothyoka.

Wani koloko itadutsa, Kamphepo anatsegula kaundula weniweni wa dalaivala wina, m'kati mwa kenelo. Manambala ndandanda. Anawatsata ndi chala pagalasi. Nambala ya makhadi a aphunzitsi inathera ndi 62. M'kaundulamo munali yothera ndi 60. Munalinso yothera ndi 61. Pamenepo mndandanda unalumphira kwina.

"A Mawaya! Ana a mimba imodzi awa. Akulu ake awiri alimo. Iye yekha ndiye anamuiwala."

"Ndiye mulembetse. Mwana wa m'nyumba sagona panja."

Anawonjezera mzere umodzi. Anamumanganso dalaivalayo kuti mzerewo ulowe. Anadikira, mwendo ukugwedezeka pansi pa benchi. Anazimitsa. Anayatsa.

Sikirini inaphethira kamodzi. Kenako mbee! Zilembo zing'onozing'ono, zakuthwa. Anajambula bwalo. Linali bwalo.

Kamphepo anadumpha mpaka mpando unagwa. A Mawaya anaomba m'manja ndi pulayala.

Anaigoneka kompyuta. Anaidzutsa. Chithunzi chinabwerera chonse. Tiwiri tatheka.

Atawerama kuti adzutse mpando, maso ake anagwera m'bokosi lotsegulalo. Pa khadi la zithunzi panali fani yaing'ono, ya mapiko asanu ndi awiri. Anawawerenga mapikowo bwinobwino. Fani yozungulira siwerengeka mapiko.

Anazimitsa kompyuta. Anayatsanso, nkhope ili pafupi. Fani inayamba ndi mphamvu. Inazungulira, inazungulira. Chithunzi chitangoti mbee, inayamba kufooka. Inagwedezeka kamodzi. Inaima.

Anabwereza. Chimodzimodzi.

"A Mawaya, tabwerani. Dalaivala akangolowa, fani ikuima."

A Mawaya anasuzumira, utsi wa mtovu ukuwatsata. "Makhadi ena amatero. Akazizira amapumitsa fani. Akatentha imadzuka yokha."

"Ena. Nanga ili?"

"Lifunse. Ine chilankhulo chake sindichimva." Analoza wotchi ya pakhoma ndi chowotcherera. "Koma iyo ndikuimva. Thuu koloko."

Kamphepo anayang'ana mulu wa kukhoma. Makompyuta khumi ndi imodzi. Iliyonse inkafunika kukwera pabenchi, kulumikizidwa ku sikirini, kulandira dalaivala watsopano. Mphindi zisanu iliyonse. Pafupifupi ola lathunthu. Ndipo sikirini inali imodzi. Ola lomwelo ndi limene Thukuta linkafuna.

"Tamvera, mwana wanga," anatero a Mawaya, mawu atatsitsa. "Amalume ako ndi munthu wabwino, koma anabadwira m'tchalitchi. Kasitomala amagula ndi maso. Chayaka chayaka. Ukauza mayi uja kuti adikire, awolotsa msewu. Anyamata a tsidya lija aona mzere wakowo, aukopera, mawa azidzitama kuti anatulukira ndi iwo. Iwe udzatsala ndi chiyani? Mpata wopanda kanthu."

Foni ya shopu inalira. Anali aphunzitsi.

"Zili pati?"

Kamphepo anayang'ana fani. Mapiko asanu ndi awiri, phee.

"Zatheka, Madamu."

Anatenga chivundikiro. Anatseka bokosi. Anamanga masikuluwu onse anayi, molimba kuposa mmene zinkafunikira.

4. Chonga wachitatu

Ola limenelo Kamphepo anakhaladi mphepo. Kweza, lumikiza, ika, tsitsa. Kompyuta iliyonse inayaka mphindi zisanu zokha. Palibe inapeza nthawi yofunda. Mabokosi enawo sanawatsegule n'komwe. Pansi makina a telala ankalira, ndipo m'chipindamo simunkamveka kuti ndi fani iti ikuzungulira, ndi iti yaima.

Firii koloko hutala inalira kumsewu.

Aphunzitsi anakwera. Anajambula okha bwalo pa kompyuta yomaliza. Anajambula chitseko. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo anaiwala wotchi.

"Mwana iwe! Unali kuti masiku onsewa? Ana anga akhala akulira sabata yonse. Mmodzi anachita kubwereza chaka chifukwa cha phunziro lomweli." Anamugwira mapewa onse awiri. "Amalume ako ali ndi mwayi."

"Zikomo, Madamu."

"Ya batani lothyokayo itsale, ndidzaitenga. Izi ndikafika ndiziyatsa zonse. Lamulo la mayeso limatero. Timaika pulogalamu yawo, imazunguza kanyumba pa sikirini mpaka m'mawa, kusonyeza kuti makina ali moyo ndipo palibe wawagwira. Kenako timakhoma chipinda, n'kumata pepala pachitseko. Kiyi amapita kwa woyang'anira mayeso."

"Mpaka m'mawa?"

"Mpaka m'mawa. Pali vuto?"

Mapepala a mayeso, makatani, madesiki a matabwa. Kamphepo anali asanachionepo chipindacho, koma anachiona. Anatsegula pakamwa. Kumbuyo kwa aphunzitsi a Mawaya anapukusa mutu pang'ono. Kumsewu hutala inaliranso.

"Palibe, Madamu."

Mabokosi anatsika awiriawiri. Galimoto inalowa mumsewu, inakhota pa sitolo ya matayala, inasowa.

Kamphepo anatsegula buku lakuda. Tsamba lomaliza linali ndi zilembo za Amalume, zokula chaka ndi chaka pamene maso ankachepa. Pansi pake analemba nambala ya khadi. Kuwala: anachonga. Kugona: anachonga. Pa Thukuta cholembera chinaima m'mwamba.

Mzere woyamba wa dzina lake. Ukhale ndi dzino loguluka?

Anachonga. Kamzere kakang'ono, kosakwana chikhadabo. Anasaina.

5. Khutu la Amalume

Amalume anabwera hafu pasiti firii, atavala magalasi akuda. Kuchipatala anawathira mankhwala m'maso. Dziko lonse linali chifunga. Akazi awo anawafikitsa pampando wa pawindo n'kupita kumsika.

"Sindikupunthwa pa mulu uja," anatero. "Apita?"

"Apita, Amalume."

"Ndiwerengere mzere."

Kamphepo anawerenga nambala. Anafotokoza za 60, 61 ndi 62. Amalume anagwedeza mutu, akumwetulira.

"Kuwala?"

"Ndachonga."

"Kugona?"

"Ndachonga."

"Thukuta?"

"Ndachonga."

"Ola lathunthu?"

Pakona paja a Mawaya anayamba kupukuta chowotcherera chimene chinali choyera kale.

"Lathunthu."

Amalume anapempha bukulo. Anayendetsa chala chosalala chija patsamba, mpaka chinapeza pamene cholembera chinadinda. Anachisiya pamenepo.

"Dokotala akuti diso lamanzere lapita. Lamanja adzaliyesa mwezi wamawa. Azakhali ako alira njira yonse. Ine ndawauza kuti asalire. Ndili ndi maso ena, ndipo ndi akuthwa kuposa amene ndinabadwa nawo."

 

Kompyuta ya nambala 13 inali itakonzedwa batani. Kamphepo anaikweza pabenchi. Anaika dalaivala uja. Anachotsa chivundikiro mosapanga phokoso. Kenako anatsegula pulogalamu ya Thukuta. Pa sikirini panabwera mpira wa mawangamawanga, ukuzungulira, ukudzipinda, ukuzunguliranso.

Anangouza Amalume kuti akumalizitsa yotsala ija.

Mphindi khumi. Fani phee. Mphindi makumi awiri. Anayandikiza chikhatho. Mpweya wofunda unamunyambita. A Mawaya anati ikatentha idzuka yokha. Anaiyang'anitsitsa ngati maso angaikankhe. Mphindi makumi atatu. Mapiko asanu ndi awiri.

Pamenepo telala wa pansi anaweruka. Makina osokera anasiya limodzi. Masikuluwu m'mbale analeka kuvina. M'chipindamo munangoti zii.

Amalume anapendeketsa mutu.

"Pabenchipo pali kompyuta yoyaka?"

"Eya."

"Ndikumva fani imodzi. Yaikulu, ya kumbuyo. Ya khadi ili kuti?"



Amalume ananunkhiza. Kamphepo nayenso analimva. Fungo lowawa, ngati la pulasitiki yogwera pambaula. Mpira wa pa sikirini unang'ambika pakati. Mizere yobiriwira inatsika ngati mvula. M'bokosi munamveka kuti thu! Kautsi koyera kanakwera mowongoka.

Kamphepo sanaganize. Anapisa dzanja kuti azule khadilo.

Anakuwa. A Mawaya anadumpha n'kuzula chingwe kukhoma. Sikirini inati bii.

Mphindi makumi anayi. Khadilo linapirira mphindi makumi anayi.

6. Masitepe

A Mawaya anamiza dzanja la Kamphepo m'ndowa ya madzi. Chala chachikulu chinali chitayera kunsonga. Chinkagunda ngati chili ndi mtima wakewake.

Amalume anali chikhalire. Magalasi akuda analoza kumene kunkachokera fungo.

"Mwina khadi limeneli linali lodwala kale," anatero pang'onopang'ono. "Zimachitika. Pa khumi ndi atatu, limodzi likhoza kubwera ndi fani yakufa."

"Ndi zomwezo!" anatero a Mawaya msangamsanga. "Ili lokha. Bokosi lake lomwe linali lothyoka batani. Mwina linagwapo. Enawo ali bwinobwino, si choncho, mwana wanga?"

Khomo linali lotsegula. Kunangotsala kuti Kamphepo adutsepo. Liwu limodzi lokha, ndipo palibe diso m'chipindamo likanamutsutsa.

Anatulutsa dzanja m'madzi.

"Ayi, Amalume. Si ili lokha. Ndi onse. Fani imaima dalaivala wanga akangolowa. Ndinaiona thuu koloko. Ndinaiona kawiri. Ndinatseka bokosi. Thukuta sindinayese, ngakhale mphindi imodzi. Ndinangochonga."

Kunja njinga yamoto inadutsa. Phokoso lake linapita kutali, linatha.

"Ndipo nditakufunsa?"

"Ndinakunamizani."

Amalume anavula magalasi. Maso awo anali ofiira, akuyenderera mankhwala. Anayang'ana pamene ankaganiza kuti pali nkhope yake. Anaphonya pang'ono.

"Kuonjezera nambala ija sikunali kulakwa. Inenso ndikanayesa. Ana a mimba imodzi amafanana nkhope, koma sadwala matenda amodzi. N'chifukwa chake pali ola lija. Ukanauza mayi uja kuti chithunzi chatheka koma fani yaima, tikanaipatsa fani waya wakewake. Mawaya amachita zimenezo akusinza. Ukanasiya mpata wopanda kanthu, ndikanakunyadira kuposa mmene ndinakunyadira ndi bodza lija. Khadi lapsali tipeza lina. Chala chipola, changa chinapola. Koma ine kuyambira lero ukandiwerengera kanthu, ndizidzifunsa. Munthu wosaona akayamba kufunsa maso ake, watsala ndi chiyani?"

Misozi inatsika. Kamphepo sanaipukute.

"Ndipo iwe, Mawaya, tidzakamba."

A Mawaya anayang'ana nsapato zawo.

"Komabe wanena wekha," anatero Amalume. "Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Iwe watuluka. Tsopano tandiuza. Makompyuta aja akawayatsa mawa nthawi yanji?"

"Si mawa." Kamphepo anapukusa mutu. "Ndi lero. Akawasiya oyaka mpaka m'mawa, akuzunguza kanyumba pa sikirini. M'chipinda chokhoma."

Amalume anaimirira mwadzidzidzi, mpando n'kugunda khoma.

"Imba foni."

Anaimba ndi dzanja lamanzere. Inaitana. Inaitana. Inaduka. Anaimbanso. Chimodzimodzi.

"Mawaya, thamanga ukaimitse galimoto iliyonse. Kusukulu kuja ndi ulendo wa mphindi makumi anayi, msewu ukakhala wabwino. Iwe, tenga chomasulira masikuluwu ndi fulashi ija yosungira madalaivala. Tenganso bukulo."

"Bukulo?"

"Ukafufute wekha, mayi uja akuona."

A Mawaya anatsika ngati mnyamata. Kamphepo anaponya zida m'chikwama, buku lakuda pamwamba. Anathamangira pakhomo. Pamutu pa masitepe anaima, monga mwa masiku onse, n'kupereka phewa.

Dzanja la Amalume linakwera. Linafika pafupi, mpaka anamva kufunda kwake. Kenako linapatuka. Linapapasa khoma, linapeza njerwa, linagwira pamenepo.

Anayamba kutsika okha. Phazi limodzi, kufufuza. Phazi lina, kufufuza. Kamphepo anatsika pambali pawo, sitepe imodziimodzi, phewa lili lopanda kanthu. Sanadziwe kuti masitepewo ndi ambiri chotero.

Ali pakati, foni inanjenjemera m'thumba. Uthenga wa aphunzitsi.

"Werenga," anatero Amalume. "Monga walembedwera."

Kamphepo anawerenga monga unalembedwera.

"Pepa sindinayankhe, ndinali kumata chitseko. Zonse khumi ndi ziwiri zayaka bwino, tinyumba tikuzungulira. Papita mphindi khumi. Kiyi wapita. Ndikulowa mu msonkhano wa oyang'anira mayeso, foni ndikuzimitsa. Ugone bwino, mwana wanzeru."